Damu la nsomba lizikula limodzi ndi luso la mwini wake

Munthu akaima pamwamba pa mapiri a Ntchisi tsiku lopanda nkhungu n'kuyang'ana kum'mawa, nyanja ya Malawi imaoneka ili mbee kumunsi, kuseri kwa chigwa cha Nkhotakota. Kufupi ndi Benga, pansi pa madzi amenewo, pali miyala yotchedwa Nkhomo, ndipo pamiyalapo pamakhala kansomba kachikasu kamene akatswiri anakalemba m'mabuku mu 1985 ndi dzina lakuti Aulonocara baenschi. Kwawo kwa kansombaka ndi pomwepo basi. Koma m'nyumba za anthu ku Germany, ku America ndi kumayiko ena akutali kali mbwee, kakusambira m'mathanki agalasi, kakudyetsedwa pa nthawi yake, madzi ake akuyezedwa sabata ndi sabata. Kamakondedwa kwambiri moti pofika 2018 bungwe loona za chilengedwe la IUCN linali litakaika m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu kwawo, chifukwa chogwidwa mopyola muyeso.

Malonda a nsomba zokongoletsa nyumba si achilendo kuno. Stuart Grant anayamba kutumiza kunja mbuna ndi nsomba zina zamoyo m'zaka za m'ma 1970, ndipo anakhazikika pa Kambiri Point ku Senga Bay, m'boma la Salima, mpaka pamene anamwalira mu 2007. Amene ankamira pansi pa nyanja kukagwira nsombazo anali Amalawi, ndipo mmodzi mwa iwo, Saulos Mwale, dzina lake linapatsidwa kwa kambuna kotchedwa saulosi, kamene amuna ake amakhala abuluu pomwe akazi ake ndi achikasu. Kuchokera pa Mvera kutsetsereka ndi msewu wa M14 kukafika ku Senga Bay ndi ulendo waufupi, koma ana ambiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi amakula mpaka kukwatira osaonapo mbuna yamoyo. Nsomba imene amaidziwa ndi usipa wouma wa pamsika pa Mponela kapena pa Malomo.

Alendo amene amasunga nsomba zathu m'nyumba mwawo anaphunzira zinthu zimene mlimi wa kumapiri kuno akuzifuna kwambiri. Chachikulu mwa izo n'chakuti malo osungiramo nsomba sakulitsidwa chifukwa choti mtima wafuna kapena ndalama zapezeka. Amakulitsidwa mwini wake atadziwa khalidwe la madzi ake. Mabungwe ndi maofesi amene amalimbikitsa ulimi wa nsomba m'maboma a Dowa ndi Ntchisi akanachita bwino kuyambira pamenepa.

Woyamba kumene kusunga nsomba m'thanki kawirikawiri amagula kathanki kakang'ono, n'kuthiramo madzi ndi nsomba tsiku lomwelo, ndipo pasanathe masabata awiri nsomba zimayamba kuyandama chagada. Chimene chimazipha ndi zoipa zawo zomwe. Nsomba zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni, ndipo m'madzi ochepa poizoniyo amachuluka msanga. M'nyanja ndi m'mitsinje muli mabakiteriya amene amasandutsa amoniyayo kukhala mchere wosavulaza kwenikweni, koma m'thanki yatsopano mulibe. Kuti achuluke mokwanira m'sefa ndi pamiyala pamafunika masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. N'chifukwa chake odziwa amayamba ndi nsomba zochepa, n'kumasintha gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi sabata iliyonse. Ndipo pamene asamukira m'thanki yaikulu, ya malita 200 kapena kuposa apo, imene mbuna zimafuna chifukwa ndi nsomba zandewu zolimbirana mapanga, amasamutsa sefa yakale ndi miyala yakale zili zonyowa, osazitsuka ndi sopo, kuti mabakiteriya aja apite nawo. Thanki yatsopano imadalira yakale.

Mphunzitsi kapena namwino wa pa Dowa boma amene akufuna thanki yotere m'chipinda chochezera ali ndi zoti aganizire kuposa mnzake wa ku Salima. Mbuna zimafuna madzi ofunda madigiri 24 mpaka 28, pomwe usiku wa mu June kumapiri kuno madzi a m'nyumba amazizira kuposa pamenepo, choncho pamafunika hita. Hita ndi pampu zimafuna magetsi osathimathima, ndipo magetsi akazima tsiku lonse mabakiteriya a m'sefa amayamba kufa. Madzi a pampopi ali ndi klorini, amene amapsereza makha a nsomba, ndiye ayenera kuchotsedwa klorini asanathiridwe. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, moti thanki ya malita 200 pamodzi ndi galasi ndi miyala yake singaikidwe pa tebulo wamba. Zonsezi n'zotheka, ndipo sukulu ya sekondale imene ili ndi sola itakhala ndi thanki imodzi ya mbuna zogulidwa movomerezeka, ana akanaphunzira sayansi ya zamoyo akuona ndi maso chuma cha nyanja yawo.

Komabe kwa anthu oposa miliyoni imodzi amene kalembera wa 2018 anawapeza m'maboma a Dowa ndi Ntchisi, kusunga nsomba pakhomo kumatanthauza damu la kudimba. Ndipo chifukwa chake ndi ndiwo. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba zokwana pafupifupi makilogalamu 14 pachaka, koma pofika zaka za m'ma 2000 mlingowu unali utatsika kupitirira theka. Chambo chinasowa m'nyanja mpaka mu 2018 IUCN inanena kuti mtundu wa Oreochromis karongae uli pangozi yaikulu yotheratu. Ulimi wa nsomba si wa dzulo m'dziko muno: unayamba m'zaka za m'ma 1950, ndipo malo a kafukufuku a ku Domasi, amene lero ndi National Aquaculture Centre, akhala akugwira ntchito kuyambira nthawi imeneyo. Ngakhale zili choncho, pa nsomba khumi zilizonse zimene dziko lino limapeza, zochokera m'madamu sizikwana ngakhale imodzi.

Woyenda m'madambo a m'chigawo chapakati amakumana ndi maenje amakona anayi omera mlulu ndi bango, ena ouma gwa, ena muli achule okhaokha. Ambiri mwa maenje amenewa anali madamu a nsomba, ndipo mbiri yawo imafanana. Kunabwera pulojekiti, anthu anapanga gulu, anakumba damu lalikulu mothandizana, galimoto inabweretsa mbewu ya nsomba, panajambulidwa zithunzi. Pulojekiti itatha, panalibe wodziwa kumene mbewu ina ingachokere, tsiku lodyetsa aliyense ankayembekeza mnzake, ndipo pokolola panatuluka tinsomba tonga zala, togawana m'mbale imodzi. Anthu akatero amati ulimi wa nsomba ndi wabodza, ndipo sangadzudzulidwe, chifukwa anapatsidwa damu lalikulu asanaphunzitsidwe laling'ono. Kuwononga kwake sikuthera pa ndalama zokha. Mudzi umene wakhumudwapo kamodzi umatenga zaka kuti uyesenso.

Damu loyamba liyenera kukhala la banja limodzi, pafupi ndi nyumba kapena dimba limene mwini wake amapitako tsiku lililonse, ndipo lisapitirire mamita 10 mulifupi ndi mamita 20 mulitali. Lisanakumbidwe pali mafunso awiri, ndipo onse amayankhidwa popanda ndalama. Loyamba ndi la madzi: kasupe kapena kamtsinje kameneka kamayenda mu October? Malo ooneka bwino mu February amanyenga, chifukwa nthawi imeneyo paliponse pamatuluka madzi. Wofuna damu akaone malowo dzuwa litafika pachimake, afunsenso akuluakulu a m'mudzimo ngati kasupeyo anaphwapo m'zaka za chilala. Lachiwiri ndi la dothi. Mlimi amakumba dzenje lofika m'chiuno, n'kutapa dothi lapansi lonyowa, kuliumba kampira, kuliponya m'mwamba ndi kuliwakha. Likaphwanyika ndiye kuti ndi lamchenga ndipo madzi azidzathawa. Likagwirana ndi la makande, losunga madzi. Malo otsetsereka pang'ono, amene ku Ntchisi ndi kum'mawa kwa Dowa sasowa, ndi abwino koposa, chifukwa madzi amalowa okha ndi ngalande kumtunda ndipo damu limatha kuphwetsedwa ndi paipi kumunsi popanda pampu.

Madzi a damu labwino amakhala obiriwira, ndipo zimenezi zimadabwitsa oyamba kumene, amene amaganiza kuti nsomba zimafuna madzi oyera. Kubiriwirako ndi tizomera tosaoneka ndi maso timene makumba ndi chambo zimadya tsiku lonse. Timamera ndi manyowa a nkhuku, a mbuzi kapena a nkhumba, oikidwa m'kakhola ka timitengo pakona pa damu kuti azisungunuka pang'onopang'ono. Muyeso wake ndi mkono. Mlimi amapisa dzanja m'madzi mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, manyowa achepa. Ngati chasowa madzi asanafike n'komwe pakati pa mkono, manyowa achuluka ndipo ayenera kuyamba waleka. Mboni ina ndi m'bandakucha. Usiku tizomera tija timaleka kutulutsa mpweya wabwino n'kuyamba kuugwiritsa ntchito, choncho nthawi yoopsa kwambiri kwa nsomba ndi dzuwa lisanatuluke. Akafika mlimi m'mamawa n'kupeza nsomba zonse zili pamwamba, milomo ili yasa yasa, ndiye kuti zikubanika: tsiku limenelo asadyetse, asathire manyowa, alowetse madzi atsopano. Zinthu ngati zimenezi munthu samazidziwa pa maphunziro a masiku atatu a kuboma. Amazidziwa poyendera damu lake chaka chathunthu, mvula ndi chilimwe, ndipo akalakwitsa pa damu laling'ono amataya zochepa.

Chimene chimasiyanitsa mapiri ano ndi Mangochi kapena Chikwawa ndi kuzizira. Nyanja ya Malawi ili pamwamba mamita osakwana 500 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pomwe madera ambiri a Dowa ndi Ntchisi ali pamwamba pa mamita 1,200. Nsomba za mtundu wa chambo zimakula bwino madzi akafunda madigiri 25 mpaka 30, ndipo akatsika pansi pa 20 zimadya pang'ono, kukula n'kuima. Mlimi wothira madeya ambiri mu June ndi July akungowoletsa madzi ake. Wothira mbewu mu April akuyembekeza kukolola mu September adzakhumudwa, chifukwa miyezi itatu mwa imeneyo nsomba zimangokhala. Nthawi yothira mbewu kumapiri ndi pamene kwayamba kufunda, cha mu September, kuti nsomba zipeze miyezi yonse yotentha ndi kukololedwa chisanu chisanabwerere. Malangizo olembedwa poganizira kumunsi kwa chigwa cha Shire sayenera kuwerengedwa ku Nthondo kapena kwa Chiwere ngati kuti nyengo ndi imodzi.

Mtundu wa nsomba nawonso ndi woganizira. Makumba ndi opirira ndipo mbewu yake imapezeka mosavuta, koma ali ndi vuto limodzi lalikulu: amayamba kuswana akadali aang'ono. Nsomba yaikazi imafungatira mazira m'kamwa ndipo masiku amenewo siidya, kenako damu limadzaza ndi ana olimbirana chakudya ndi makolo awo. Apa ndi pamene pamachokera tinsomba tonga zala tija. Chilunguni chimadya masamba, a mbatata, a chinangwa, a bonongwe, zimene pakhomo la kumudzi sizisowa. Mlamba umapirira madzi oipa chifukwa umatha kupuma mpweya wa kunja, ndipo milamba yowerengeka m'damu la makumba imachepetsa ana ochuluka aja. Pa damu lodalira manyowa ndi madeya, nsomba ziwiri kapena zitatu pa sikweya mita iliyonse n'zokwanira. Kuthira zambiri sikuchulukitsa zokolola, kumangochepetsa msinkhu wa nsomba iliyonse.

Tsono damu likule liti? Likule pamene mlimi wakolola kawiri kapena katatu, akudziwa makilogalamu amene anatulutsa ndi ndalama zimene analowetsa, madzi ake sanaphwe mu October, ndipo wathana ndi katumbu, ng'azi, akakowa ndi akuba. Ndipo kukula kwanzeru nthawi zambiri ndi kukumba damu lachiwiri pambali pa loyamba. Damu lakale limasanduka loswetsera ndi kulereramo ana, latsopano n'kukhala lokulitsira. Ana akafika msinkhu wosiyanitsika, mlimi amasankha amuna okhaokha, amene amakula msanga, n'kuwasamutsira m'damu lalikulu mmene sangaswane. Potero amakhala ndi mbewu yakeyake, osadikiranso galimoto ya kutali, ndipo amatha kugulitsako mbewu kwa anzake. Damu latsopanolo kumapiri kuno liyenera kukhala lakuya, mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo kumbali yakumunsi, chifukwa madzi akuya sazizira msanga usiku, saphwa msanga m'chilimwe, ndipo mbalame za miyendo italiitali sizitha kuimamo.

Damu lalikulu lili ndi njala yaikulu, ndipo apa Dowa ndi Ntchisi ali ndi mwayi umene maboma ambiri alibe. Soya amalimidwa kwambiri kuno, ndipo madeya ali pachigayo chilichonse. Madeya okha ndi chakudya chofooka, chopatsa mphamvu koma chosamanga thupi. Akasakanizidwa ndi ufa wa soya wokazinga nsomba zimakula mooneka. Kukazingako n'kofunika, chifukwa soya wamuwisi ali ndi zinthu zolepheretsa chakudya kugayika bwino m'mimba. Mlimi amene amagulitsa soya wake yense kwa mavenda mu April pa mtengo wolira, akanasungako matumba angapo a nsomba zake, akanagulitsa soya yemweyo ngati ndiwo pa mtengo wabwino.

Pali ena amene amatsutsa zonsezi, ndipo mfundo yawo ndi yomveka. Iwo amati timadamu ting'onoting'ono takhala tikukumbidwa kwa zaka zoposa 60 koma sitinalemeretse munthu, ndipo dziko likufuna alimi akuluakulu ngati Maldeco ya ku Mangochi, imene inayamba kuweta chambo m'makola a m'nyanja. N'zoona kuti damu la mamita 10 ndi 20 silingamange nyumba ya malata. Koma phindu lake silili m'nsomba zokha. Kafukufuku amene bungwe la ICLARM, lomwe pano ndi WorldFish, linachita ndi alimi a ku Zomba kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anaonetsa kuti mabanja okhala ndi damu pakati pa munda wawo ankapirira bwino chilala, chifukwa madzi a m'damu ankathirira ndiwo zamasamba ndipo matope a pansi pake ankakhala manyowa. Komanso mlimi wa madamu asanu amene adzagulitse nsomba ku Lilongwe sadzatsika kumwamba. Adzachokera pakati pa awo amene anadziwa bwino damu limodzi. Cholakwika m'zaka zonsezi chinali kusiya mlimi pa damu loyamba popanda womuonetsa njira yopitira pa lachiwiri.

Pali chenjezo limodzi limene okhala kumapiri ayenera kulimva kuposa wina aliyense. Madzi onse a kuno amathera m'nyanja. Bua, amene amadutsa m'malire a maboma awiriwa ndi Kasungu, ndi mtsinje umene mpasa zimakwera kukaswana. Lifuliza amatsikira ku Chia, Lingadzi amatsikira ku Salima. Damu likasefukira mu January, zonse za m'menemo zimalowa mumtsinje. N'chifukwa chake lamulo la zausodzi la 1997 limaletsa kulowetsa nsomba zachilendo popanda chilolezo, ndipo nsomba ya kapu inaletsedwa kale m'dera lonse limene madzi ake amapita kunyanja. Mlimi wofuna kukula msanga akhoza kukopeka ndi mbewu ya tilapia wa ku Nile yolowa mozemba kuchokera kumayiko oyandikana nafe, poti imakula mofulumira. Koma nsomba imeneyi imakwatirana ndi makumba ndi chambo, ndipo ikalowa m'nyanja palibe angaitulutsemo. Ku nyanja ya Victoria, nsomba yolusa ya Nile perch imene inaikidwamo m'zaka za m'ma 1950 inathandiza kufafaniza mitundu ya nsomba pafupifupi 200. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yoposa ya nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, ndipo n'chifukwa chake UNESCO inaika paki ya ku Cape Maclear pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Chimodzimodzinso mwini thanki yagalasi amene watopa ndi nsomba zake zogula kusitolo asakazitaye mumtsinje.

Matenda nawo amayenda ndi mbewu. Mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, amene anakhudza madamu ndi mitsinje ya m'dera la Bua, ndipo boma linaletsa kwa kanthawi kuyendetsa nsomba kuchokera kumeneko. Matendawa amakula m'nyengo yozizira, zimene zikutanthauza kuti madamu a kumapiri ali pachiopsezo chachikulu. Khoka lobwerekana mudzi wonse liyenera kuyanikidwa padzuwa mpaka kuuma lisanalowe m'damu lina, ndipo nsomba zatsopano ziyambe zakhala pazokha milungu ingapo. Mlimi wa madamu awiri amatha kuchita zimenezi. Wa damu limodzi lalikulu alibe pozipatulira.

Makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, pamodzi ndi mabungwe ogwira ntchito kumeneko, asinthe kumene amaika ndalama. Kukumba anthu amatha okha ndi makasu awo. Chimene sangathe okha ndi kupeza mbewu yabwino pafupi ndi mlangizi wofika padamu. Domasi ili kutali, ndipo ana a nsomba oyenda tsiku lonse m'mapepala apulasitiki amafika atafooka. Koleji ya Bunda, ya yunivesite ya LUANAR, ili pafupi ndipo imaphunzitsa akatswiri a ulimi wa nsomba chaka ndi chaka. Achinyamata amenewa akhoza kuthandiza alimi angapo odalirika kwa Kalumo, kwa Chikho, kwa Msakambewa ndi kwa Chiwere kukhala oswetsa mbewu ovomerezeka, oyenderedwa ndi ofesi ya zausodzi. Mlangizi apatsidwe njinga yamoto, mafuta ndi kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi, kuti pakatha zaka ziwiri boma lililonse lidzakhale ndi kalendala yakeyake yothirira mbewu, yochokera pa madamu a m'deralo. Ndipo lipoti la pulojekiti lisamawerenge madamu okumbidwa chaka chino. Liziwerenga madamu amene akadali ndi nsomba patatha zaka zitatu, ndi alimi amene akumba lachiwiri ndi ndalama zochokera m'loyamba.